Kuona Maso a Nkhono Nkudekha

Msodzi wa ku Nkhotakota adziwa bwino mphepo ya mwera. Ikayamba kuomba m'miyezi yacisanu, iye akokera bwato lace kumtunda. Koma mwana akamfunsa kuti, "Kodi, agogo, mwera wa makono uposa wa kale?" nkhalambayo ingonena zimene ikumbukira, ndipo mnzace aitsutsa, pakuti mwa awiriwo palibe amene analemba.

Funso lotere lafunsidwanso za nyanja zazikulu zamcere. Kutali kumwera kwa Afrika kuli nyanja yozinga dziko la madzi oundana la Antarctica. Kumeneko mphepo ziomba kucokera kumadzulo popanda mtunda woziletsa, ndipo mafunde ace ali oopsa ndithu.

Akatswiri awiri, Ian Young ndi Agustinus Ribal, a pa sukulu yaikulu ya ku Melbourne, anasonkhanitsa miyeso yotengedwa ndi makina 31 ozungulira dziko m'mlengalenga kuyambira 1985 kufikira 2018. M'caka ca 2019 anabukitsa zimene anapeza. Pa nyanja imeneyo liwiro la mphepo zamphamvu linaonjezeka ndi magawo 8 pa 100, ndipo mafunde akulu anatalikira ndi masentimita 30. Pa caka cimodzi kutalikako sikufika ngakhale kunenepa kwa cala. Ndani wamalinyero akadatha kukuona ndi maso?

Cimodzi mwa zifukwa zimene akatswiri anena ndico utsi wa malasha ndi mafuta, umene utenthetsa dziko ndi kusintha mayendedwe a mphepo. Mafunde obadwa kumeneko ayenda masiku angapo, nakagunda magombe a kumwera kwa Afrika. Komanso madzi a nyanja zamcere akwera ndi masentimita ngati 20 ciyambire 1900, motero funde lifika pamene silinafike kale. Mizinda ya pamalo otsika, monga Beira, kumene kudzera feteleza ndi mafuta obwera ku Malawi, ndiyo ili pangozi.

Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Akatswiri aja anaona kusinthaku cifukwa miyeso inalembedwa mosalekeza zaka 33. Cotero munthu amene wangophunzira kugwira pensulo asapeputse nzeru yaceyo. Alembe m'kabuku tsiku limene mwera wayamba, tsiku la mvula yoyamba, ndi pamene madzi alekezera pagombe. Mdzukulu wace akadzafunsa funso lija, kabukuko kadzamyankha.