Chilembo U Chikaloŵa mu DNA

Chaka ndi chaka ife timalemba pabolodi kuti DNA ili ndi zilembo zinayi, A, C, G ndi T, ndi kuti U, ndiye uracil, ngwa RNA yokha. Ophunzira amakopera, naloŵeza, nakhoza mayeso. Tinali okhutira nazo kufikira tsiku lina pamene mtsikana wina anaimika dzanja nati, "Aphunzitsi, nanga U akaloŵa mu DNA chimachitika nchiyani?" Tinayankha mwachangu kuti saloŵamo, belu nkulira. Yankholo silinali loona, ndipo olimvawo anali anthu okaphunzitsa ana a eni.

Zoona zake nzakuti U amapezekamo tsiku ndi tsiku, pakuti C amatha kuwonongeka nasanduka U. Akalekereredwa, uthenga umapotoka pamene DNA ikukopedwa. M'chaka cha 1974 Tomas Lindahl wa ku Sweden anapeza m'kachilombo ka E. coli enzaimu yotchedwa uracil-DNA glycosylase, imene imazula U wotereyo, ndipo mu 2015 analandira nawo mphotho ya Nobel. Apatu mpamene pagona ubwino wa T. U akadakhala mwinimudzi mu DNA, enzaimuyo ikadamzindikira bwanji U wobwera mwangozi?

Akatswiri tsono anamtenga mlonda ameneyu namsandutsa mmisiri. Pofuna kulumikiza zidutswa ziŵiri za DNA, amaika dala U mmodzi pafupi ndi nsonga ya chidutswa chilichonse pochichulukitsa. Glycosylase imazula U, enzaimu inzake, endonuclease VIII, nkudula chingwecho pomwepo. Kachibenthu ka kunsonga kamathothoka, nkusiya mchira wa chingwe chimodzi. Michira yoyenerana imagwirana yokha, ndipo mipata yotsala amakaitseka E. coli. Chovuta chili pa enzaimu yochulukitsa DNA: Pfu wamba imaima chilili ikakumana ndi U, motero amagwiritsa ntchito Pfu yosinthidwa.

Sabata lotsatira tinavomera kulakwa kwathu pamaso pa kalasi, chinthu chosakoma konse kwa munthu wogwira choko. Zipangizo zochitira zonsezi tinalibe, koma makatoni ndi masizasi zinalipo. Magulu anamata mizere iŵiriiŵiri ya zilembo. Wina anakhala glycosylase nafufuta U, wina endonuclease nadula. Gulu lina michira yake inakana kugwirana, popeza onse anailemba kuloza mbali imodzi, ndipo anakangana kwa mphindi khumi asanaone kuti zingwe ziŵiri za DNA zimayenda mosemphana. Mfundo imeneyo tinali titaiphunzitsa kale kaŵiri. Amene anatembenuza katoniyo ndi mtsikana wa funso uja.