Za Nyanja Imene Ichoka ndi Kubweranso

Ndifuna kukuuzani za mzinda wa Beira, umene uli m'mphepete mwa nyanja ya mchere m'dziko la Mozambique, ndi m'mene ndinaphunzirira kukhalamo. Ine ndine mwana wa ku Nkhotakota, ndipo ndinadziwa kupalasa bwato ndisanadziwe kulemba dzina langa. M'chaka cha 2017 ndinapeza ntchito ya ukalaliki padoko la Beira, ya kuwerenga matumba a feteleza otsika m'zombo ndi kukwera pa malole opita kwathu. Ndinadzera ku Mwanza, ku Tete ndi ku Chimoio, ndipo m'njira monse ndinalikunena mumtima mwanga, "Ena akazizwe ndi madziwo, koma ine ayi."

Masiku oyamba anandiwawa. Anthu a kumeneko alankhula Chipwitikizi, Chisena ndi Chindau. Chisena ndinkamvako pang'ono, pakuti chifanana ndi chathu, koma ndinachita manyazi kufunsa, poopa kuyesedwa wakumudzi. Tsiku lina pamsika ndinasenzetsa mayi wina dengu lake, ndipo iye anati, "Takhuta." Ndinadabwa, pakuti sindinawapatse chakudya, koma ndinangochoka duu, osadziwa kuti ndiko kuthokoza kwawo.

Tsono Loweruka lina masana ndinapita ndekha kugombe. Ndinapeza nyanja itathawira kutali, itasiya mchenga ndi matope, ndi mabwato ali chigonere pamtunda. Kwathu nyanja iphwa pang'onopang'ono m'chilimwe, motero ndinayesa kuti chilala chagwa m'dzikomo. Ndinavula nsapato, ndinayamba kulondola madziwo, ndilikutola zigoba. Ndinakomana ndi amayi alikubwerera mofulumira ndi madengu awo, koma sindinawafunse chimene anafulumirira.

Nditafika patali ndinamva munthu alikufuula. Pocheuka ndinaona nkhalamba ilikukupiza chipewa chake. Ndipo pakati pa iyo ndi ine, pamene ndinapita pouma, panali madzi alikuthamanga ngati mtsinje wa dzinja. Nyanja siinandidzere pamaso ayi, inandizungulira kumbuyo podzera m'khwawa. Ndinalowamo, madzi nafika m'mawondo, nafika m'chiuno, nafika m'chifuwa, ndi matope alikugwira mapazi anga. Nsapato zinapita. Nkhalambayo inalowa ndi mponda wa bwato, nindikokera kumtunda.

Nditapuma anandifunsa m'Chisena, "Mwana wanga, kwanu n'kuti?" Ndinati, "Kunyanja, bambo." Anaseka kwambiri, nati, "Nyanja yanu igona, koma yathu iyenda." Pamenepo anandikhazika pansi nandiuza mayendedwe ake. Madzi adzaza kawiri naphwa kawiri pa usana ndi usiku. Achoka monga maola 6, nabwera monga maola 6, ndipo tsiku lililonse achedwerako pafupi ola limodzi. Mwezi ndiwo uwakoka. Pokhala mwezi ndi pamene uli wathunthu madzi athawa kutali koposa, nabweranso ndi ukali, kotero kuti pa Beira akwera kupitirira mamita 6. Mwana aliyense wa pagombepo adziwa zimenezi. Ine ndekha, wodzitama ndi madzi, ndinali mbuli. Akulu sananame ponena kuti safunsa anadya phula.

Kuyambira tsiku lomwelo ndinataya manyazi, ndipo mzinda unayamba kunditsegukira. Ndinafunsa chifukwa chake madzi a pamenepo ali ofiira, nandiuza kuti mitsinje ya Pungwe ndi Buzi itsanuliramo dothi la kumtunda, ndipo njira ya zombo ayenera kuikumba kawirikawiri. Ndinafunsa za maminibasi awo, amene atcha chapa, nandiphunzitsa wopita ku Manga ndi wopita ku Macuti, kumene kuli nsanja yakale ya nyali younikira zombo usiku. Ndinafunsa za chinyumba chachikulu chakuda cha Grande Hotel, nandiuza kuti chinamangidwira alendo olemera, chinatsekedwa mu 1963, ndipo pambuyo pake anthu osauka ambirimbiri analowamo kukhala. Ndinafunsanso kaphikidwe ka nkhanu ndi ka mpunga wothira madzi a kokonati. Aliyense amene ndinamfunsa anasanduka mnansi wanga, pakuti munthu akondwa kuuza mlendo za kwawo.

Phindu lake ndinaliona usiku wa pa 14 Malichi 2019, pamene namondwe wotchedwa Idai anagwera mzindawo. Beira ali pachigwa, ndipo madzi sachedwa kulowa m'nyumba. Mphepo inasasula malata a chipinda changa. Mumdima muja anandiitana potchula dzina langa ndi amayi a nyumba yoyandikana, amene anandiphunzitsa kuphika nkhanu. Ndinakhala kwawo masiku ambiri, tilikugawana ufa wotsala. Ndikadakhala monga ndinafikira, ndani akadadziwa kuti m'chipindamo muli munthu?

Chifukwa chake, inu anyamata amene mulikumanga katundu kunka ku mizinda ya kutali, nzeru za kwanu mupite nazo, koma musaziyese zokwanira. Mukaona eni dziko alikufulumira, imani muwafunse. Ine ndinagula phunziro limeneli ndi nsapato zokha. Wina adzaligula ndi moyo wake.