Tsiku limodzi mu Kabula: njerwa, tchipisi ndi phiri la zipsera

Mzinda wa Blantyre ambiri timaudziwa tisanaupondemo. Timaumva pa wailesi Maule akamakumana ndi Manoma, timauona pa Facebook anzathu atajambulitsa pa Chichiri, ndipo ukatembenuza paketi ya sopo kawirikawiri adiresi yake imakhala ya komweko. Ine ndinakulira ku Dowa. Ngakhale ndatha zaka zitatu ndikuphunzira ku Zomba, pafupifupi makilomita 70 okha kuchoka ku Blantyre, basi yopita kusukulu imakhotera pa Chingeni n'kudzera ku Balaka ndi Liwonde, choncho Kabula ndinkangomumva.

Chaka chamawa timaliza sukulu, ndipo aliyense m'kalasi mwathu ukamufunsa za mtsogolo yankho ndi limodzi: "Ndikasaka ntchito ku Blantyre." Ndiye titamaliza mayeso, anthu asanu tinagwirizana zoti tikauone mzinda umene tikuti tidzayendemo ndi maenvulopu a khaki. Tinasonkha tindalama totsala pa thumba la semesita n'kupatsa mtsikana mmodzi wosaseka pa nkhani ya ndalama, amene kuyambira tsikulo timangomutchula kuti Msungi. Wotitsogolera anali mesho wanga, mwana wobadwira ku Ndirande.

Polowera ndi pa Limbe

Tinanyamuka Loweruka kunja kusanayere bwino. Pa Thondwe ndi pa Namadzi amayi a nthochi ndi tomato anali atayala kale malonda. Titadutsa pa Njuli ndi pa Mapanga nyumba zinayamba kuthithikana, kenako mwadzidzidzi tinapezeka tili mu Limbe, pakati pa mahutala, oitanira minibasi, mawilibala ndi fungo la chimanga chootcha.

"Zikwama kutsogolo, mafoni m'thumba," anatero mesho. "Kuno sitiyenda chodabwa."

Blantyre ndi Limbe kale anali matauni awiri osiyana, ndipo anawaphatikiza mu 1956. Mpaka lero khalidwe lawo ndi losiyana. Limbe inakula chifukwa cha njanji ndi fodya, ndipo ndi malo a malonda enieni: mashopu a amwenye atandandalikana mumsewu, mabelo a kaunjika, zitenje, zitsulo, feteleza, chilichonse. Munthu ukaima chabe kuti upume, wina amakufunsa kale kuti, "Mukufuna chani bwana?" Pa kalembera wa 2018 mzinda wonsewu unapezeka ndi anthu oposa 800,000. Mmawa umenewo ndinkaona ngati onsewo ali mu Limbe.

Tinakwera minibasi ina yodzera mumsewu waukulu wa Masauko Chipembere, umene umalumikiza Limbe ndi Blantyre, n'kutsika pa Chichiri.

Selefi kaye, mbiri pambuyo

Apa mpamene panabuka mkangano woyamba. Awiri ankafuna ku mashopu, ena tinkafuna ku nyumba yosungira zinthu zakale. Msungi anaweruza: mphindi 30 ku mashopu, osagula kanthu kupatula madzi. Tinalowadi, tinajambulitsa, mnzathu wina anatembenuza nsapato kuti aone mtengo n'kuibweza pamalo pake mwaulemu ngati dzira. Zithunzi zinatuluka bwino kwambiri. Woziona angaganize kuti tinatuluka ndi majumbo.

Pafupi pomwepo pali bwalo la Kamuzu, pamene mbendera ya Malawi inakwezedwa koyamba dziko lino likulandira ufulu pa 6 July 1964, komanso chipilala cha ufulu chimene chinatangadza msewu. Mesho, yemwe ndi wa Maule mpaka m'magazi, anafuna kutifotokozera zigoli zonse zimene anazionerapo, koma tinamukoka.

Ku nyumba ya zinthu zakale ya pa Chichiri tinakhalitsa kuposa mmene tinkaganizira. Panja pali injini ya sitima yakale yoyendera nthunzi, yakuda bii, yolemera moti umadzifunsa kuti inafika bwanji kumtunda kuno. M'kati muli zida za makolo, zigoba za Gule Wamkulu, ndalama zakale, ndi mwala umene unagwa kuchokera mumlengalenga ku Machinga mu 1981. Amene ankakana kubwera aja ndi amene anatsalira pa mwalawo, kufunsa mafunso osatha.

Mandala ndi magalasi a mzungu

Kuchoka pa Chichiri tinayenda wapansi. Tinadutsa pa MUBAS, imene akuluakulu amaitchulabe kuti Poly, kenako pa Ginnery Corner pafupi ndi chipatala cha Queen Elizabeth, mpaka tinafika ku Mandala.

Nyumba ya Mandala inamangidwa mu 1882 ndipo imadziwika kuti ndi nyumba yakale kwambiri yachizungu imene idakaimabe m'dziko muno. Ndi yosanja, ya khonde lalikulu lozungulira. Eni ake anali a kampani ya African Lakes, imene inkayendetsedwa ndi abale awiri, John ndi Frederick Moir. John ankavala magalasi, ndipo anthu ataona kunyezimira kwake anamutcha Mandala. Dzinalo linamatirira pa munthu, pa nyumba, pa kampani, mpaka pa dera lonse. Lero pansi pali malo oonetsera zojambulajambula ndi odyera, ndipo pamwamba pali laibulale ya Society of Malawi.

Chimene chinandisangalatsa n'choti dzina la dera la anthu opeza bwino chonchi linachokera pa nthabwala ya agogo athu. Mzungu anabwera ndi katundu, koma otcha maina anali eni nthaka.

Njala inatipeza tikulowa m'tauni. Pa Victoria Avenue pali mabanki ndi maofesi ataliatali, ndipo tinayenda chokweza makosi, aliyense akusankha nyumba imene adzagwiremo ntchito. Koma Msungi atawerenga zotsala, tonse tinatsetserekera kumsika, pa chiwaya. Tchipisi, kabichi, tsabola wa kambuzi, kudya choimirira ndi kamtengo. Pambali panga panaima bambo wina wa tayi, akudya zomwezo. Ndinaona kuti chiwaya sichifunsa satifiketi.

Tchalitchi chomangidwa popanda pulani

Ngati mungaone malo amodzi okha mu Blantyre, pitani ku St Michael and All Angels, ku mishoni ya CCAP, kufupi ndi depoti ya Wenela. Apa mpamene mzindawu unayambira. Mu 1876 amishoni a Church of Scotland anakhazikika pamalowa, m'dera la mfumu Kapeni, n'kuwatcha Blantyre pokumbukira kwawo kwa David Livingstone ku Scotland. Amene anasankha malowa ndi Henry Henderson, yemwe sukulu ya HHI yapafupi pomwepo inatengera dzina lake. Womasulira wake pa ulendowo anali Tom Bokwito, munthu amene anapulumutsidwa ku ukapolo ali mwana.

Tchalitchicho ndinali nditachionapo pa zithunzi, koma chithunzi chimabisa zambiri. Ukayandikira umaona kuti njerwa zake si zofanana. Zina ndi zokhota, zina zosongoka, zina zozokotedwa maluwa, ndipo nsanja zake ziwiri zakutsogolo sizofanana. Chinamangidwa kuyambira 1888 mpaka 1891 motsogozedwa ndi m'busa David Clement Scott, amene sanaphunzirepo za zomangamanga, ndipo panalibe pulani yojambuliratu ya nyumba yonse. Ankayamba ayesa kusanja njerwa popanda matope, akaona kuti zagwirana bwino n'kumanga. Njerwazo ankaumba ndi kuotcha pomwepo. Scott yemweyo ndi amene analemba dikishonale ya Chimang'anja imene inatuluka mu 1892.

Dzina limene aliyense amatchula ndi la Scott, ndipo n'loyenera kutchulidwa. Koma manja amene anaponda dothi, kuumba, kuotcha ndi kusanja njerwa zimenezi anali a anthu akuda a kuno, amene anali asanamangepo nyumba yotere chibadwire. Anaphunzira ntchito ili m'kati. Patha zaka zoposa 130, mvula ndi mphepo zadutsa, nyumba ili chiimire ndipo anthu akupempheramobe.

Mnzathu wina, amene bambo ake ndi mmisiri womanga nyumba ku Mchinji, anakhala chete nthawi yaitali akusisita khoma. Kenako anajambula njerwa imodzi yokha, pafupi kwambiri, n'kutumiza kwa bambo akewo pa WhatsApp. Yankho linabwera tisanatuluke pa geti: mawu ojambulidwa a mphindi zitatu, madala akufotokoza mmene chikombole cha njerwa yoteroyo chingapangidwire. Tinamvetsera tonse, titaunjikana pa foni imodzi.

Kwa azakhali ku Ndirande

Madzulo mesho anatitengera kwawo. Ndirande ili m'munsi mwa phiri la dzina lomwelo, moyandikana ndi mafakitale a ku Makata, ndipo phokoso lake ndi la nyundo. Kumsika anyamata akusula mbaula ndi ndowa, ena akuwotcherera mafelemu a mawindo, ena akukhoma mabedi, ena akukonza mafoni patebulo losakwana mita imodzi. Chitsulo chimene kwina angataye, kuno chimasanduka katundu.

Azakhali ake a mesho anatilandira ndi tiyi ndi mandasi a pa geni yawo.

"Takulandirani ana anga. Mwauona mzinda?"

"Tauona azakhali, ndi wokongola," anayankha Msungi.

Anaseka mpaka kugwira m'chiuno. "Mwaona kumaso kwake. Kuno ndiye kumsana, kumene kumasenza katundu."

Anatiuza kuti anabwera kuchokera ku Thyolo ali mtsikana, ndipo ana anayi awaphunzitsa ndi mandasi omwewo. Amadzuka 3 koloko m'bandakucha kuti pofika 6 akhale ali pamsewu, pamene anthu amatsika wapansi kupita ku mafakitale ndi m'tauni. Madzi amagula pa kiyosiki, chidebe chilichonse ndi ndalama. Mesho anawonjeza kuti madzi ambiri a mumzindawu amachokera kutali, ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, ndipo amachita kuwapopa kukwera mtunda wonsewo ndi magetsi. N'chifukwa chake magetsi akavuta, mipopi nayo imauma.

Nditawauza kuti chaka chamawa ndikufuna kubwera kudzasaka ntchito, anandiyang'ana kaye.

"Bwera mwana wanga, mzinda uno sukana munthu. Komanso sunyengerera. M'nyumba za lendi zozungulira panozi muli anzanu a madigiri, ena chaka chachitatu akudikira kuitanidwa. Amene akudya ndi amene podikirapo akugwira kenakake. Pepalalo ubwere nalo, koma manja usawasiye ku Dowa."

Palibe anaseka. Aliyense anayang'ana m'kapu mwake.

Tisanatsanzike, mesho anatikweza pang'ono m'phiri kuti tione mzinda wonse. Phiri la Ndirande ndi lometedwa. Azakhali amati pamene ankafika linali ndi nkhalango, koma nkhuni, makala ndi malo omanga zinaimaliza, ndipo nyumba zikukwerabe. Kutsidya, kummwera, kunkaoneka phiri la Soche lili ndi mizere yotuwa yotsika m'mbali mwake. Ndi zipsera za namondwe wa Freddy. Mu March 2023 matope ndi miyala zinatsika usiku n'kukwirira nyumba ku Chilobwe ndi madera ena a m'munsi mwa phirilo, ndipo anthu ambiri anataya miyoyo.

"Anthu amadziwa kuti m'phiri ndi moopsa," anatero mesho motsitsa mawu. "Koma ukafika mumzinda ulibe kanthu, malo otchipa amapezeka komweko."

Ndinaganiza za ine mwini chaka chamawa, ndi chikwama chimodzi, ndikufunsa nyumba ya lendi yotsika mtengo. Panalibe amene anatulutsa foni kuti ajambule.

Mukafuna kupitako

Kwa anzanga amene mukufuna ulendo wotere, tsiku limodzi limakwana ngati mwalawira. Yambirani ku Limbe muzitsika kulowera ku Blantyre, kuti musamabwerere m'mbuyo. Valani nsapato zoyendera chifukwa mzindawu ndi wa zitunda. Ndalama ya thiransipoti yobwerera ipatuleni poyamba ndipo asunge munthu wouma mtima. Ku Mandala ndi ku nyumba ya zinthu zakale yambani mwafunsa nthawi yotsegulira, makamaka kumapeto kwa sabata, ndipo ku tchalitchi kumbukirani kuti ndi malo opemphereramo: pemphani chilolezo musanajambule m'kati. Koposa zonse, pezani munthu wa komweko woti akakulowetseni ku Ndirande, ku Bangwe, ku Zingwangwa kapena ku Mbayani. Mukathera pa mashopu pokha, mudzabwerera ndi zithunzi zimene munaziona kale pa foni.

Tinakwera minibasi yobwerera ku Zomba mdima utagwa. Msungi analengeza kuti zatsala ndalama zokwana chimanga chootcha chiwiri, ndipo tinagawana anthu asanu. Titadutsa pa Mapanga, mwana wa mmisiri uja anati holide ino sapita kukacheza kwa asuweni ake ku Lilongwe monga ankafunira. Akakhala pa saiti ndi bambo ake, aphunzire kugwira chingwe ndi levulo. Mesho anamuseka kuti digiri yonseyo akaipaka simenti. Iye anangoti, "Aise, yaima zaka 130 ija anamanga ndani?"