Kalata kwa mwana wanga amene akupita kukasewera mpira ku Lilongwe

Wokondedwa mwana wanga,

Ndakulola kupita ndi mtima wonse. Achibale amene ankati mtsikana malo ake ndi ku ntchemberembaye anayamba kukhala chete mu 2023, pamene ma Scorchers anagonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA ku South Africa. Chaka chotsatira Temwa Chawinga, mwana wa ku Rumphi, anamwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America ali ku Kansas City Current. Mkulu wake, Tabitha, anadzera ku DD Sunshine, ku Lilongwe komwe ukupitako, asanawoloke kupita ku Sweden. Njira ilipo ndithu. Koma iwe uli ndi zaka 15 zokha, ndiye undimvere.

Malo ako m'timu uwapeze ndi miyendo yako basi. Mphunzitsi wabwino amakudzudzula pabwalo anzako akuona. Amene angakuitane wekha madzulo kuti mukakambirane za masewero a Loweruka, kapena kukugulira nsapato ndi mayunitsi n'kunena kuti usauze munthu, ameneyo akukutchera msampha. Usapiteko. Uwauze azakhali ako amene ukakhale nawowo tsiku lomwelo, ndipo ine undiimbire ngakhale pakati pa usiku. Akakukhazika pa benchi chifukwa chokana, khala pomwepo mutu uli m'mwamba. Matimu ndi ambiri. Tabitha yemweyo anaulula mu 2021 kuti ali wamng'ono anamukakamiza kuvula kuti anthu atsimikize ngati ndi mtsikanadi. Zimandiwawa mpaka lero ndikaganiza kuti akuluakulu analipo, akungoyang'ana. Wina akadzakuuza zoterozo, kaya ndi woimbira mpira kaya ndi mkulu wa timu, ukane ndipo utuluke m'bwalomo.

Za zaka zako, unene zoona nthawi zonse. Ena adzakunyengerera kuti udule ziwiri kuti ukhalitse m'timu ya osapitirira zaka 17. Bodza limenelo likalowa m'pasipoti silitulukanso, ndipo lidzakugwetsa pa nthawi imene dzina lako layamba kumveka. Adzabweranso ena ovala bwino, odzitcha ma ejenti, olonjeza za ku Ulaya. Dziwa kuti malamulo a FIFA, kupatula pa zifukwa zochepa kwambiri, salola wosewera wosakwana zaka 18 kusamukira ku timu ya dziko lina. Choncho wokuuza kuti tipereke ndalama ya ulendo chaka chino ndi wakuba. Usasaine pepala lililonse bambo ako ndi ine tisanaliwerenge, ndipo likativuta tikafunsa ku FAM, ku Chiwembe.

Samala mawondo. Atsikana amaduka mtsempha wa m'bondo kawirikawiri kuposa anyamata, ndipo ukaduka munthu amatha miyezi isanu ndi inayi kapena kuposerapo asanabwerere m'bwalo. Usathawe zolimbitsa thupi zoyambirira zija zimene umati n'zotopetsa. Ukamva kuwawa unene, usabise poopa kutaya malo. Ukakhala kumwezi thupi limataya magazi, ndiye usamangodya tchipisi ndi zoziziritsa kukhosi: nyemba, usipa, bonongwe ndi chisoso zisasowe pa mbale yako.

Sukulu ndiye sitikambirananso. Tinagwirizana kuti MSCE ulemba ndipo ukhoza, ndipo magiredi akatsika ubwerera kuno. Matimu ambiri a atsikana kwathu kuno sapereka ndalama yoti munthu n'kudyera mwezi wonse.

Kwa azakhali ako ukakhale mwana, osati mlendo. Ukasese, ukatsuke mbale, ndipo jezi yako uzichapa wekha. Ukamwetsa chigoli ukumbukire amene wakupatsira mpira, chifukwa mawa udzamufunanso.

Ukangotsika basi undiimbire, ndipo tsiku la masewero ako oyamba undiuze kudakali nthawi kuti ndisunge ya thiransipoti.

Ndine mayi ako.