Ulusi wa Juzi Yakale

Lolani kuti mwezi uno tikusimbireni za masiku atatu amene tinapuma manja ali pa ulusi.

M'mwezi wa Julayi chaka cha 2024, amayi akunyumba anatiuza kuti apangana ndi anzawo anayi zokapumula kumudzi wina kufupi ndi phiri la Domwe, kuyambira Lachisanu kufikira Lamulungu, ndipo ntchito idzakhala imodzi yokha: kuluka. Amuna awo anaitanidwanso. Ife tinayamba takana, ponena kuti mbusa sakhala mwini wa nthawi yake kumapeto kwa sabata, ndiponso kuti kuluka n'kwa amayi. Koma chifukwa chenicheni sitinachitchule. Pakati pa oitanidwawo panali mnzathu wa paubwana, amene tinathawa naye nkhondo kupita ku Dedza tili ana, ndi kubwerera naye kwathu utadza mtendere wa pa 4 Okutobala 1992. Mayi ake atamwalira mu 2022, ife sitinapite kumaliro. Tinali pa msonkhano ku Tete, ndipo tinati tikapepesa sabata yotsatira. Sabata inasanduka mwezi, mwezi unabala manyazi, manyaziwo anadya zaka ziwiri.

Akulu a mpingo atavomera kutigwirira ntchito, chonamizira chinatha, ndipo tinanyamuka.

Amene munakhalako ku Angónia mukudziwa chisanu cha Julayi. Chimanga chinali chitalowa m'nkhokwe, ntchito ya kumunda itachepa. M'mawa tinkakhala pakhonde kuothera dzuwa, madzulo tinkazungulira mbaula, tikumwa tiyi ndi mbatata yootcha. Mafoni onse anasonkhanitsidwa m'lichero. Mnzathu uja tinapatsana naye moni wa ulemu, wonga wa anthu amene akumana koyamba pa sitolo, kenaka aliyense anafuna mpando wa kutali ndi mnzake.

Ulusi watsopano ndi wodula, chotero amayiwo anabwera ndi majuzi akale a kaunjika, amene kuno timati kalamidade. Juzi yotere amayamba aidula msoko, napeza nsonga pamene woluka anamalizira, ndipo akakoka imamasuka mzere ndi mzere. Ulusi wake umatuluka wopotanapotana. Amaukulunga pa msana wa mpando, kuuviika m'madzi ofunda, ndi kuuyanika pamthunzi atamangirira kamwala kunsi kuti uwongoke. Ukauma uyenera kukulungidwa kukhala mpira, ndipo ntchito imeneyi imafuna anthu awiri: wina atambasule manja ulusi uli m'mikono, wina azikulunga.

Loweruka m'mawa agogo eni nyumba, amene anaphunzira kuluka ndi masipoko a njinga, anagawa ntchito. Kaya anadziwa kanthu kaya ayi, anati, "Abusa, tambasulani manja. Inu bambo, kulungani." Motero tinapezeka titakhala maso ndi maso ndi munthu amene tinamuthawa zaka ziwiri, manja athu atamangidwa ndi ulusi wofiira. Wogwira ulusi sangachoke, sangayang'ane wotchi, ngakhale kudzikanda sangathe. Mpira woyamba unatha tili duu. Pa wachiwiri tinakamba za mtengo wa feteleza. Pa wachitatu mawu anatuluka okha: "Achimwene, tinakulakwirani. Amayi aja anatidyetsa ku Dedza ngati mwana wawo, koma sitinabwere kudzawaika."

Iye sanasiye kukulunga. Patapita nthawi anati, "Tsiku lija ndinkangoyang'ana kumsewu. Galimoto iliyonse ndinkati ndi inu." Sanawonjezere mawu ena, ndipo ife sitinadziteteze. Ulusi unatithandiza, pakuti maso anali ndi poyang'ana pamene misozi inali pafupi.

Masana agogo anatipatsa singano ziwiri kuti tiyese kuluka chipewa cha khanda. Anatiphunzitsa masitichi awiri amene ali maziko a kuluka konse, ya kutsogolo ndi ya kumbuyo, ndipo anati mukamasinthanitsa awiriawiri m'mphepete mwa chipewa mumatanuka ndi kugwira mutu bwino. Titaluka mizere isanu ndi itatu tinanyada, koma iwo analoza kabowo kunsi. Sitichi imodzi inali itapulumuka pa singano. Tinapempha kuti tingopitirira, poti kabowoko kanali kakang'ono. Anakana. Anati sitichi yogwa sikhala pamene yagwera. Imatsika yokha mzere ndi mzere kufikira chovala chitang'ambika. Waluso amaikoka ndi kansingano kokowa, koma wophunzira amasule ndithu mpaka afike pamene analakwira. Tinamasula mizere isanu, mnzathu uja akuseka ndi kukulunganso ulusi umene tinali kumasula. Kuseka kwake tinali tisanakumve kwa zaka ziwiri.

Pofika Lamulungu masana, titachokera ku mapemphero, panali zipewa 14, masokosi angapo ndi shawelo imodzi, zokapereka kwa ana obadwa kumene pa chipatala cha kufupi, pakuti khanda silichedwa kuzizidwa. Chipewa chathu chinali chopendekera, koma amayi anachiika m'thumba pamodzi ndi zinzake. Tisanabwerere ku Ulónguè tinapatukira kumudzi kwa mnzathu, ndipo tinapepesa maliro monga mwa mwambo, ngakhale mochedwa.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ambiri a ife tili ndi mbale amene tikuti tidzamuona ntchito ikachepa, koma ntchito sichepa. Ngati anzanu akuitanani kuti mukakhale nawo masiku awiri popanda ndondomeko ya msonkhano, musakane monga tinayambira ife. Ndipo inu abambo, akakupemphani kugwira ulusi, tambasulani manja.

Juzi ina yakale ili kale m'dengu kunyumba kwathu, kudikira Julayi. Mtendere ukhale nanu nonse.