Mfuti imodzi, nkhanga lero, mbawala mawa

Kalekale, madambo a ku Nsaru ndi ku Kabudula asanasanduke madimba, mfuti inali ya apo ndi apo. Mudzi ukakhala nayo imodzi, yomweyo inkagwetsa nkhanga lero, mawa mbawala. Inali gogodela, yodyera kukamwa. Mlenje ankathira wonga mumpope, n'kutsendera kansanza, n'kugogoda ndi kachitsulo mpaka zitakhazikika. Luso lonse linali pa muyeso. Akafuna nkhwali kapena kalulu, wonga pang'ono ndi tizidutswa ta misomali. Akaona mapazi a mphoyo m'mbali mwa Bua, ankawonjezera wonga n'kuponyamo chipolopolo chimodzi cha mtovu. Ukapyoza muyeso mpope unkaphulika, ndipo alipo anataya zala motero.

Kuwomba kunali kamodzi basi. Pomwe uzidyetsanso mfuti, nyama yawoloka kale dambo. N'chifukwa chake mlenje ankadziwa zomwe ife tinaiwala: kuwaza phulusa kuti aone kolowera mphepo, kusiyanitsa ndowe za gwape ndi za mbuzi, kukwawa pa lupsa mbandakucha nyama zikamadya msipu wophukira kumene. Ankayandikira mpaka kuona khutu likugwedera. Nyama ikafika kumudzi, mwendo unkapita kwa amfumu, yotsalayo n'kuzungulira makomo, ndipo gogo wopanda mwana wamwamuna naye ankanyambita msuzi.

Mfuti zopepuka za .22 zinafika m'manja mwa ochepa, makamaka a m'maesiteti. Chipolopolo chake wamba sichikwana magalamu 3. Kalulu chimam'gwetsa bwinobwino, pomwe mfuti yaikulu ya .303 imangomunyenya, osatsala choika mumphika. Koma amene amati .22 ndi ya nyama iliyonse sindigwirizana nawo. Gwape ali pafupi, mwina. Mbawala yamphongo ayi: imathawa ndi bala kukafera m'ziyangoyango, kapena kutembenukira agalu ndi nyanga. Kuvulaza nyama n'kuisiya ivunde m'tchire, alenje akale ankakuyesa manyazi.

Chomwe chinamaliza nyama kwathu kuno si mfuti ayi, ndi nkhwangwa ndi khasu. A.F. Barron ndi R.W. Wallace atayamba fodya ku Mbabzi mu 1920, fodya wa chikopa anafalikira midzi yonse, ndipo chigafa chilichonse chinkafuna mitengo ndi nkhuni. Mu 1968 kunabwera chitukuko cha Lilongwe Land Development Programme ndi misewu, migula ndi kudula malire a minda. Likulu litasamukira ku Lilongwe mu 1975, mzinda unayamba kumeza nkhuni ndi makala, mpaka lero njinga zikutsikabe ndi matumba kuchokera ku Dzalanyama. Gwape akanabisala pati?

Lero mfuti imafuna chiphaso cha kupolisi, kusaka nako kumafuna chilolezo cha Dipatimenti yoona za nyama zakutchire. Lamulo la 1992, lomwe analikhwimitsa mu 2017, limafika zaka 30 m'ndende pa nyama zotetezedwa kwambiri. Lamulolo sindilidandaula, zotsalazo ziyenera kutsala. Chimandiwawa n'chakuti mnyamata wa ku Nambuma ulenje wake wathera pa kukumba mbewa ndi legeni ya njiwa, ndipo nyama amaidziwa ya pachiwaya pa Namitete kapena pa Mpingu, nthuli imodziimodzi, wopanda ndalama n'kungodutsa. Ambiri a msinkhu wake kuti aone gwape wamoyo, mpaka sukulu iwatengere ku Lilongwe Wildlife Centre, mumzinda.