Chimbale chimene chinkakana pa 50%



Sabata yatha ndinalandira foni kuchokera ku Johannesburg. Anali mnyamata amene ndinamuphunzitsa Histore mu Folomu 4 m'chaka cha 2009, pano ndi bambo wa ana awiri. Titapatsana moni anati, "Aphunzitsi, kanema wa agogo uja mudakali naye? Ana angawa sanawaone, ndikufuna amveko mawu awo." Ndinamuyankha kuti alipo. Koma kunangotsala pang'ono kuti kanemayu asakhalepo, ndipo nkhani yake ndi imene ndikufuna ndikusimbireni lero.

Mu Okutobala 2009 kalabu yathu ya Histore inapita kukacheza ndi agogo a mnyamatayu, mphunzitsi wopuma wa zaka zoposa 80. Tinakhala pakhonde pawo, phiri la Malosa likuoneka chapatali, dzuwa likuswa mtengo. Anatiuza za mishoni ya Domasi imene a Church of Scotland anatsegula mu 1884. Anatiuzanso za sukulu ya Jeanes imene inayamba kuno mu 1929, kumene bambo awo anakaphunzira atatenga banja lonse, pakuti kumeneko ankaphunzitsa aphunzitsi pamodzi ndi akazi awo. Analankhula maola atatu, ife tikujambula ndi kamera yobwereka.

Mwini kamera anatenga matepi ake kuti akajambulepo ukwati. Kanema yense anatsala mu laputopu, nayonso yobwereka, ndipo inkayenera kubwerera Lolemba. Nditamukonza kuti azioneka pa DVD player, anakwana pafupifupi 7.5 GB. Chimbale wamba cha DVD chimatenga 4.7 GB basi. Nzeru yapafupi inali kumudula pawiri, koma ine ndinkafuna kukapereka kwa agogo chimbale chimodzi, choti akachilowetsa aonere mpaka kumapeto osadzuka pampando. Ndiye ndinakwera minibasi kupita ku Zomba n'kukagula zimbale zitatu za dual-layer, zotenga 8.5 GB chilichonse. Ndinasankha zotchipa. Zinali zonyezimira bwino zedi. Chikomekome cha mkuyu.

Lachinayi madzulo ndinabena choyamba ndi pulogalamu ya ImgBurn pa liwiro la 8x. Inamaliza bwinobwino, kenako inayamba Verify. Kwa amene simunazigwirepo, Verify ndi pamene kompyuta imawerenga chimbale chimene yangolemba kumene n'kumafananitsa kachidutswa kalikonse ndi fayilo yoyambirira. Zinayenda bwino mpaka pa 50%. Pamenepo makina anayamba kulira ngati njinga yosowa oyilo, kenako uthenga unabwera woti kuwerenga kwalephera. Ndinayesa chachiwiri. Pa 50% pomwepo.

Lachisanu ndinafotokozera mnyamata wina amene ankabenera anthu nyimbo pamsika wa Songani. Anaseka n'kunena kuti, "Aphunzitsi, ingochotsani kachizindikiro ka Verify ko. Ine sindipanga zimenezo ndipo palibe amadandaula." Kunena zoona ndinakopeka. Ndinaika chimbale mu DVD player ya mnzanga, agogo anaoneka, mawu akumveka bwino. Koma nditadumphira kutsogolo, patadutsa ola ndi theka, chithunzi chinauma, agogo atayasamula pakamwa. Mbali yonse ya Jeanes inali itapita. Ndikanamvera malangizo aja, ndikanabweza laputopu, mwini wake n'kufufuta zonse, ine n'kutsala ndi theka la nkhani osadziwa.

Amene anandithandiza anali mnzanga wophunzitsa Physical Science. Funso lake loyamba silinali lakuti "chalakwika n'chiyani" koma lakuti "chikulakwikira pati?" Anajambula pa bolodi la mu staff room. Chimbale cha dual-layer chili ngati nyumba ya nsanjika ziwiri. Kuwala kwa laser kumalowa chapansi n'kulemba nsanjika yapansi kuyambira pakati pa chimbale kupita kumphepete. Kukafika kumphepete kumadumphira pa nsanjika yapamwamba n'kumalemba chobwerera kulowera pakati. Malo odumphirawo amati layer break. Chimbale chikakhala chodzaza, malowa amakhala chapakati pa kanema, ndiye 50% yanga ija. Ndi malo ovuta pa zifukwa ziwiri. Kumphepete ndi kumene chimbale chosapangidwa bwino chimagwedera kwambiri ndiponso kumene utoto wolembapo umakhala wosayalidwa mofanana. Komanso kuti laser ifike pa nsanjika yapamwamba imayenera kubowola kaye yapansi, ndipo kuwala kobwerera kumakhala kofooka.

Anati malo a vuto amaloza mwini vuto. Likamabwera pa layer break kapena pambuyo pake nthawi zonse, kayikirani chimbale, liwiro, kapena makina amene sakuchidziwa chimbalecho. Likamabwera malo osiyanasiyana, lero pa 12% mawa pa 70%, kayikirani fumbi pa galasi la laser, chingwe, kutentha kapena magetsi. Ndipo anandiletsa kusintha zinthu zambiri nthawi imodzi, monga amaletsera ana ake mu labu.

Tinayamba ndi zosaononga chimbale. Tinapukuta galasi la laser mosamala n'kubwereza Verify pa chimbale chakale chija. Chinakana pa 50%. Tinachitengera pa kompyuta yake yaikulu yapadesiki. Chinakananso pomwepo. Apa tinadziwa kuti vuto silinali pa kuwerenga, chimbalecho chinalembedwa molakwika. Chikanawerengeka pa kompyuta yachiwiriyo, tikanadziwa kuti chili bwino, wofooka ndi makina a laputopu.

Kenako tinatsitsa liwiro kufika pa 4x n'kubena chachitatu, chomaliza. Chinadutsa 50%, mtima wanga n'kukhala m'malo, koma chinakafera patsogolo pang'ono pa nsanjika yapamwamba. Liwiro linathandiza, koma silinali lokhalo.

Ndi pamene mnzanga anandionetsa chinthu chimene sindinkachidziwa. Chimbale chilichonse chili ndi dzina lake lenileni lolembedwa mkati, lotchedwa media ID, ndipo ImgBurn imalionetsa. Dzina la pa bokosi likhoza kukhala lina, fakitale yopanga n'kukhala ina. Makina obenera amasunga mndandanda wa maina amenewa mu firmware yake, pamodzi ndi mphamvu ya laser yoyenera chimbale chilichonse. Akakumana ndi dzina lachilendo amangolemba mongoyerekeza. Pa chimbale wamba mwina zimadutsa, koma pa dual-layer kawirikawiri sizidutsa. Zimbale za DVD+R DL zinayamba kugulitsidwa mu 2004, ndipo makina ambiri a zaka zoyambirirazo ankadziwa mitundu yochepa chabe.

Nthawi inali itatha. Tinaimbira mphunzitsi mnzathu amene anali ku Limbe kuti atigulire zimbale ziwiri za Verbatim DVD+R DL, zimene media ID yake ndi MKM-001, zomwe pafupifupi makina onse a nthawiyo ankazidziwa. Mtengo wake unandipweteka, mwezi unali pakati. Anafika nazo Loweruka madzulo.

Lamulungu tikuchokera kutchalitchi tinasamutsira kanema pa kompyuta yapadesiki ija, pakuti makina ake anali olimba kuposa kopyapyala ka mu laputopu. Tinatseka mapulogalamu ena onse. ImgBurn inatifunsa malo oika layer break, ndipo tinasankha pamene agogo anapumira kuti amwe madzi, kuti DVD player ikamadumpha nsanjika pasaduke mawu. Tinabena pa 2.4x. Zinatenga pafupifupi mphindi 40, tonse tikuyang'ana babu la kudenga, kupempherera magetsi. Verify inayamba. 48, 49, 50, 51. Palibe analankhula mpaka pa 100%. Tinabenanso chachiwiri, kenako ndinameza kunyada kwanga n'kumudulanso kanemayo pa zimbale wamba ziwiri, kuchitira tsoka.

Agogo anaonera okha pakhonde lomwe lija, akudzitsutsa pa zaka zina zimene ananena. Anamwalira mu 2010.

Anzanga a choko, nkhani iyi imandikumbutsa kalasi. Timafunsa kuti "Mwamva?" ana onse n'kuyankha kuti "Eee!" Kumeneko ndi kubena chabe. Verify ndi kafunso kamene timalemba pa bolodi mphindi zisanu zomaliza, kamene nthawi zambiri timakadumpha chifukwa belu lalira ndipo silabasi ikutithamangitsa. Mwana akalakwa, ndinaphunzira kufunsa kaye kuti walakwira pati.

Nditamaliza kulankhula ndi mnyamata wa ku Johannesburg uja ndinatsegula sutikesi imene ndimasungamo satifiketi zanga. Laputopu yanga ya masiku ano ilibe ndi polowetsa chimbale pomwe, moti ndinachita kubwereka makina a USB. Chimbale chinawerengeka chonse. Koma chimbale chobena sichikhala mpaka kalekale, utoto wake umafooka ndi kutentha, chinyezi ndi dzuwa. Ndakopera kanemayo pa flash ndi pa hard disk, ndafananitsanso mafayilo ndi a pachimbale, ndipo wina ndamutumizira. Ngati muli ndi zimbale za ukwati, za chinkhoswe kapena za tsiku lotsanzikana ndi a Folomu 4, zitulutseni mwezi uno muzikopere pawiri zisanakane.

Zitatu zokana zija ndinapatsa achemwali anga. Anazimangirira pa nsungwi m'munda wa mpunga kumunsi kwa mtsinje wa Domasi, ndipo akuti mbalame zinkaziopa ndithu.

Tsalani bwino nonse.